NKHUNI ZILI M'MUNDA MWATHU

Mau amene mlendo wolemekezeka adalankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu ku Ulongwe



Mwandipempha kuti ndilankhulepo za moto wophikira. Kalembera wa 2018 adasonyeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Zotsatira zake mukuziona nokha. Matumba a makala angoti ndanda mumsewu wa Liwonde ndi Mangochi, nkhalango ya Liwonde ikunka niitha, ndipo amayi akulawira mbandakucha kukatola nkhuni kutali. Ikafika Juni, nkhuni zomwezo zifunikanso zoothera moto.

Ena amafunsa kuti, kodi bwanji osaphikira mafuta ochokera ku nzimbe? Nzoona, dziko lathu lidayamba kupanga ethanol ku Dwangwa mu 1982, ndipo PressCane idayambanso ku Chikwawa mu 2004. Mafutawa amayaka bwino, utsi wake ndi wochepa kwambiri. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 adayesa kuwagulitsa ngati phala lophikira, koma malondawo adafa chifukwa cha mtengo. Mayi wa kwa Kalembo sangagule mafuta a m'botolo pamene ndalama ya mchere ikumusowa. Banja limasankha moto umene lingaukwanitse.

Akuluakulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuno kwathu fodya ameneyu ndi nandolo. Tikakolola, mitengo yake youma ndi nkhuni zabwino, makamaka ya mtundu wa mthawajuni umene umakula mitengo yonenepa. Nandoloyo timadya, timagulitsa, ndiponso amabwezera chonde m'nthaka. Bungwe la Concern Universal lidalimbikitsa njira imeneyi kuno ku Balaka pamodzi ndi mbaula ya Chitetezo, imene amayi athu amaumba ndi dothi la konkuno. Mbaulayi imasunga moto pamodzi, kotero kuti imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu. Mu 2013 boma lidalonjeza kuti mbaula zamakono zifike 2 miliyoni pofika 2020.

Komabe ndisakunamizeni. Kafukufuku wa ku Chikwawa ndi Karonga, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2016, adapeza kuti mbaula zamakono pazokha sizidachepetse chibayo mwa ana. Choncho nkhuni ziume ndithu, khitchini ikhale ndi zenera, ndipo mwana asakhale kumsana pamene mayi akukoleza moto.

Tsopano ndilankhule ndi ife a m'tauni. Makala a mumsewu aja amagula ndani? Ndife amene, tikamabwerera ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe. Wootcha makala sakadadula mtengo pakadapanda wogula. Lamulo la nkhalango adalikhwimitsa mu 2020, koma lamulo silingalowe m'khitchini mwanu. Amene tili pantchito tiphikire gasi, magetsi kapena makala a chilolezo.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, aliyense wa ife agulire makolo ake mbaula ya Chitetezo ndi mbewu ya nandolo mvula isanagwe. Chachiwiri, bungwe lathu lithandize sukulu ino kulima munda wa nandolo ndi kubzala mitengo, kuti ana aphunzire ndi manja ao. A Mlembi alembe maina a odzipereka tisanabalalike, ndipo chaka chamawa tidzawerengetsane.