Mawu a mlendo wolemekezeka potsegulira chionetsero cha zosula za chitsulo ku Katete



Ambiri tikamva za munthu wowotcherera zitsulo timaganiza za mafelemu a mawindo, ngolo ndi mbaula zimene timaona m'mbali mwa msewu wa Great East. Ntchito imeneyo ndi yabwino, ndiyo ikudyetsa mabanja. Koma lero pa chionetserochi tcheni cha njinga chasanduka msana wa ng'ona, khasu lakutha lasanduka phiko la nkhwazi. Wina anganene kuti anyamatawa akusewera. Ine ndikukana.

Moto ndi chitsulo si zachilendo kwa Achewa. Makolo athu a Maravi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, akupopa mvukuto, nasula makasu amene ankagulitsidwa kutali. Maso oonera nyama nawonso tili nawo. Amene munafikako ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, mwezi wa August, mukudziwa momwe kasiyamaliro wa Gule Wamkulu amalowera m'bwalo. Pamenepa ndilekeze, za kudambwe sizikambidwa pagulu. Ndingokumbutsa kuti UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Tayang'anani kwa anansi athu, kuseri kwa chipata cha Chanida. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa ntchito yoti anthu azipereka mfuti n'kulandira makasu, njinga ndi makina osokera. Amisiri anayi a ku Maputo anadula mfutizo n'kuwotcherera mtengo wautali kuposa munthu, pansi pake pali nyama zachitsulo. Mtengowo, Tree of Life, anauonetsa ku British Museum mu mzinda wa London mu 2005. Kuno kwathu tinali ndi katswiri wa zaluso, malemu Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, ndipo nyumba ya zaluso ku Showgrounds ku Lusaka imatchedwa dzina lake. Ku Mfuwe, waya wa misampha ya opha nyama mozemba akupangira zibangili.

Tsono ana anga, ndikuuzeni chimene ndaona pozungulira. Zina mwapanga bwino zedi. Zina mwatengera pa foni, ndipo zikuonekeratu. Nyamalikiti amene simunamuonepo akutuluka wouma khosi, pamene nkhanga imene mumaithamangitsa m'munda mwa mtedza ikutuluka yamoyo. Khalani pansi pa mlambe, muone momwe nthambi imachokera pa thunthu. Kwerani phiri la Mphangwe. Yang'anitsitsani nkhuku ikamapalasa, muone mwendo umene wanyamula thupi. Chitsulo n'cholemera, chimafuna munthu wodziwa pamene nyama imaika mphamvu zake.

Magalasi otchinga maso muzivala, chonde. Ndipo chitsulo chanu chikhale chotayidwadi. Wogulula mjigo wa pamudzi kapena chikwangwani cha pamsewu ndi wakuba, ngakhale atapanga nacho njovu yokongola motani.

Kwa inu a khonsolo, eni malo ogona alendo ndi aphunzitsi aakulu, pempho langa ndi ili: gulani. Musamanenerere mtengo ngati mukugula zitsulo zakutha pa sikelo, chifukwa mmisiri walipira magetsi ndi ndodo zowotcherera, wathera masabata pa chinthu chimodzi. Maboma a Sinda ndi Vubwi ali ndi maofesi ndi misika. Pakhomo pa nyumba zimenezo payenera kuima ntchito ya ana a komweko.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira chionetserochi.