Mawu kwa Eni Nyumba za Lendi

(Mawu amene ananenedwa pa msonkhano wa nthambi yathu)

Nkhani ya lero ikhudza ambiri a ife amene tinagulitsa fodya, mtedza kapena soya, n'kumanga tinyumba ta malata pamsika, ena mpaka ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chinsapo, kuti tizilandirako ya lendi pa mwezi. Chimenechi ndi chinthu chabwino, ndipo tiyamika onse amene anachita khama lotere. Koma tiri kumva madandaulo kuti ena mwa ife, munthu akachedwa kulipira, amapita ndi hamala n'kuzula chitseko, kapena kusasula malata mvula iri kugwa, ana ali m'katimo. Ndicho chifukwa chake taima pano.

Tiyambe ndi kukumbukira kumene tichokera. Makolo athu a ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku Zomba anakhalapo alendi pa dziko lawo lomwe. Pa minda ya azungu ankalipira malo okhala ndi thukuta lawo, ndiyo thangata ija, ndipo wokana ankapirikitsidwa pamalopo. Nkhanza za ku Magomero zinali zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe m'chaka cha 1915, ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962. Tsono ife adzukulu a anthu amenewo, lero tagwira makiyi, kodi tidzachitira mnzathu zomwe zinaliza agogo athu? Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Ana athu omwe amene ali m'tauni akugona m'nyumba za eni.

Mfundo yaikulu ndi iyi: nyumba ndi yanu, koma mukalandira ndalama ya munthu ndi kum'patsa kiyi, pamenepo pasanduka pakhomo pake kufikira pangano litatha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 ateteza chuma chanu pa gawo 28, ndipo malamulo omwewo pa gawo 21 aletsa kufufuza m'nyumba ya munthu kapena kum'landa katundu wake mwachisawawa. Simungalowe m'chipinda mwake iye kulibe chifukwa muli ndi kiyi wina. Simungatenge wailesi yake, matiresi kapena mapoto kuti mugwirire ngongole. Kugwira katundu chifukwa cha lendi kuli ndi njira yake ya m'malamulo, ndipo ochita ntchitoyo ndi asherifu, osati anyamata olembedwa ganyu pamsika. Wochita zimenezi ndi manja ake angathe kugona ku polisi, ndipo angathe kulipitsidwa ndalama zoposa ngongole imene ankaifuna.

Nanga munthu akakana kulipira tichite chiyani? Poyamba mukhale naye pansi pamaso pa mboni. Zikakanika, mulembereni notisi, muikepo tsiku, ndipo inu musunge pepala lina lofanana nalo. Amene amalipira pa mwezi mum'patse mwezi wathunthu. Akakanabe kutuluka, pitani ku khoti la majisitireti mukasume, ndipo khoti likagamula, otulutsa munthuyo ndi asherifu. Tidziwa kuti njira imeneyi ndi yochedwa ndipo imadya ndalama ya ulendo, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene alibe ndalama ya loya akafunse ku ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma linaika kuti izithandiza osauka pa milandu.

Ku khoti kumeneko adzakufunsani umboni, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwa. Timapangana pakamwa pokha, poti munthuyo ndi wa mpingo wathu kapena mphunzitsi wa ana athu. Ikapita miyezi isanu ndi umodzi, wina ati ndinalipira, wina ati sunalipire, ndipo palibe chowaweruza. Pangano lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope ndi m'Chichewa chomwechi. Mulembemo ndalama ya pa mwezi, tsiku lolipira, dipoziti ngati ilipo ndi mmene idzabwezedwere, wolipira madzi ndi magetsi, wokonza zowonongeka, ndi nthawi ya notisi. Onse awiri asaine, pamodzi ndi mboni ziwiri. Ndalama iriyonse ikalowa, perekani lisiti. Kukweza lendi kunenedwe nthawi ikadalipo, osati kudzidzimutsa munthu pa tsiku lolipira.

Chachiwiri ndi moyo wa anthu okhala m'nyumbamo. Kuyambira chaka cha 1948 dziko lino lakhala ndi lamulo la zaumoyo loletsa kusunga malo onyansa kapena nyumba yosayenera kukhalamo anthu. Pali ena mwa ife amene amanga zitseko zisanu ndi chimodzi pa mzere umodzi, chimbudzi n'kukhala chimodzi, chodzaza kale, chitsime chiri pambali pake. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo matenda amenewa amayenda ndi madzi oipa ndi zimbudzi zotere. Tikumbukirenso namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, mmene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Wofuna kugula puloti yomangapo nyumba ya lendi ayang'ane kumene madzi amadzera, ndipo afunse ku khonsolo asanayike njerwa. Khoma likang'ambika, likonzeni mvula isanayambe. Likagwera mwana wa mwini, inu mutauzidwa kale n'kunyozera, mlanduwo udzafuna inu.

Za magetsi nazo tichenjere. Kukoka waya mobisa kuchokera pa mita imodzi kupita ku nyumba zina popanda a ESCOM ndi mlandu, ndiponso ndi moto umene tiuitana tokha. Ngati mita ya madzi iri m'dzina lanu, wa lendi akathawa ndi ngongole, a Water Board adzadula madzi pa nyumba yanu ndi kufunsa inu. Muziona mabilu mwezi ndi mwezi.

Chachitatu ndi boma. Ndalama ya lendi ndi phindu, ndipo phindu liri ndi malamulo a msonkho. Pitani ku ofesi ya Malawi Revenue Authority mukafunse ngati zimene mulandira zafika poyenera kukhoma, pakuti safunsa anadya phula. Amene nyumba zawo ziri m'mizinda akumbukire kuti msonkho wa khonsolo umalondola mwini nyumba.

Chotsiriza ndi malo amene nyumbayo yaimapo. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yakuti munthu alembetse malo ake a kumudzi ndi kulandira chikalata. Amene munagula malo pongogwirana chanza, konzani mapepala mukadali moyo, ndipo mulembe wilo. Taona amayi amasiye akulandidwa nyumba za lendi ndi achibale a mwamuna maliro asanathe n'komwe. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linena poyera kuti kulanda kotero ndi mlandu, ndipo ife a nthambi ino tidzaima ndi mayi wotereyo ndi ana ake.

Tsono tipempha kuti mwini nyumba aliyense wa m'nthambi muno abwere ndi pangano lake lolemba pa msonkhano wa mwezi wamawa. Amene sadziwa kulemba aonane ndi a Mlembi, adzawathandiza popanda malipiro. Mkangano ukabuka pakati pa mwini nyumba ndi wa lendi, ubwere kwa akomiti ndi kwa amfumu hamala isanatuluke m'nyumba.