Kodi Mlenje Agule Mfuti Ziwiri Zofanana Mphamvu?

Pakati pa amuna a kumigodi amene akonda kusaka nyama pa nthawi ya chuti pamauka kawiri-kawiri mkangano uwu: munthu ali nayo kale mfuti ya .30-06, ndipo mnzace afuna kumgulitsa ina ya .308 pa mtengo wabwino. Kodi aigule, kapena asunge ndalama zace? Funso limeneli si lacabe iai, pakuti mfuti yabwino idya malipiro a miyezi yambiri, ndipo ana kunyumba afuna zobvala ndi ndalama za sukulu.

Poyamba nkofunika kudziwa m'mene mfuti ziwirizi zisiyanira. Ya .30-06 inayamba ndi asilikari a ku America m'caka ca 1906, ndipo cimeneco ndico tanthauzo la 06 pa dzina lace. Ya .308 inaturuka mu 1952 ku kampani ya Winchester. Zipolopolo zace nzofanana kunenepa, kotero kuti bala limene zisiya pa nyama ndi limodzi. Kusiyana kuli pa cigoba cosungamo onga, cimene cipangidwa ndi mkuwa wosanganiza ndi zinki (anchito a ku Nkana ndi ku Mufulira aidziwa bwino mbali imeneyi). Cigoba ca .30-06 ndi cotalika mamilimita 63, ca .308 mamilimita 51. Onga wocurukawo uthamangitsa cipolopolo ca magireni 150 pafupi-fupi mafiti 2,900 pa sekondi imodzi, pamene cinzaceco cipita mafiti 2,800 ndi pang'ono. Nswala kapena njiri imene yaima pa mayadi 100 siidziwa kusiyana kumeneku. Ikalasidwa pa phewa igwa, ikalasidwa m'mimba ithawa ndi kukafera kutali, ngakhale mfuti ikhale iti. Pamene .30-06 iposa mnzace ndi pa zipolopolo zolemera za magireni 220, zoyenera nyama zazikuru monga nchefu. Ya .308 nayo ipepuka pang'ono ponyamula, ndipo simenya phewa kwambiri. Zonse ndi zomwezo.

Tsono munthu wogula ziwiri zonsezi walipira kawiri nchito imodzi. Ndiponso mtengo wa mfuti sindiwo mapeto a ndalama. Mfuti iri yonse ifuna ciphaso cace ca Boma, malo okhoma bwino osungiramo, mafuta, ndi zipolopolo za mtundu wace. Ciphaso ca kusaka, cimene cicokera ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife (imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016), cichula nyama zimene munthu aloledwa kupha ndi ciwerengero cace. Kukhala ndi mfuti ziwiri sikuonjezera ngakhale mbawala imodzi pa pepala limenelo.

Koma pali cinthu cina coopsa kopambana ndalama. Zipolopolo zofanana maonekedwe zisanganikirana msanga m'thumba la jekete, makamaka m'mamawa kusanace, pamene munthu alonga mfuti ndi manja ozizira osayang'ana. Bvuto limeneli likula kwa iye amene asunga .308 pamodzi ndi .270. Cipolopolo ca .308 cikhoza kulowa m'mfuti ya .270 ndi kutsekeka, pakuti cigoba cace ncacifupi, koma mutu wace ngonenepa koposa ciboo ca mpope. Cikawombedwa, mphamvu ya onga isowa poturukira, ndipo ibwerera kumbuyo kumene kuli maso a mwini wace. Wa ku mgodi amene wataya diso wataya ndi nchito yomwe. Cifukwa cace opanga mfuti adinda nambala pa mpope ndi pa tsinde la cigoba ciri conse, kuti mlenje aziwerenge asanalonge.

Manja nawonso ali ndi cizolowezi cao. Citsulo cokokera ca .30-06 ciyenda mtunda wautali, ca mfuti zambiri za .308 ciyenda waufupi. Munthu wozolowera cacifupi akagwira cacitali ali wofulumira, kawiri-kawiri sakoka kufikira kumapeto, ndipo cipolopolo caciwiri sicilowa. Zimenezi zicitika pa nthawi yoipa ndithu, nyama yolasidwa iri kuthamangira m'nkhalango.

Alipo ena amene anena kuti mfuti yaciwiri ndiyo yodikira, kuti yoyamba ikaonongeka munthu ali kutali ku cigwa ca Luangwa ulendo usafe. Mau amenewa ali ndi nzeru. Koma ngati cifukwa ndico cimeneco, kuli bwino kuti yaciwiriyo idye zipolopolo zomwezo za yoyamba, osati za mtundu wapafupi cabe. Bokosi limodzi likwanira zonse, ndipo palibe cosokoneza. Alipo enanso amene anasiyiridwa .303 ndi atate ao, mfuti ya Lee-Enfield yonga imene asilikari a Northern Rhodesia Regiment ananyamula pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Nchito yace siisiyana kweni-kweni ndi ya .308, koma munthu sangatsutsidwe cifukwa cosunga ca makolo ace, malinga ailembetse m'dzina lace monga mwa lamulo.

Mlenje amene ndalama zace zikwanira mfuti ziwiri acita bwino kuzisiyanitsa kutali. Imodzi ikhale ya pakati, monga .30-06, ya nswala, njiri ndi ngoma. Inayo ikhale .375, imene kampani ya Holland & Holland ya ku London inaturutsa mu 1912, yoponya cipolopolo ca magireni 300, coyenera njati, nyama imene ikalasidwa moipa ibisala m'udzu kudikira wotsata mapazi ace. Ndipo amene alibe ciphaso ca njati, ndiwo ambiri, alibenso nchito ndi .375. Kwa iye ndalama za mfuti yaciwiri zigula galasi labwino loyang'anira patali ndi mabokosi angapo a zipolopolo zoyesera pa candamale, kufikira adziwe pamene mfuti yace imenya pa mayadi 50, pa 100 ndi pa 200, nyengo ya kusaka isanatsegulidwe.