MADZI SAIWALA KHWAWA: ULENDO WA M'CHISANU KU GOMBE LA KUMMWERA KWA AFRIKA

Mwezi wa Juni ukafika, pamene chiperoni chimakuta mapiri a Thyolo ndi Mulanje, ku South Africa nakonso chisanu chimakhala chitalimba. Nkhani ya lero ndi ya ulendo wa pa galimoto m'nyengo yotereyi, kuchokera ku Cape Town kutsata msewu wa N2 m'mbali mwa nyanja yamchere, mpaka kukafika m'tauni yaing'ono ya masukulu yotchedwa Alice.

Anthu ambiri amaona gombe limeneli mu Disembala, dzuwa likuswa mtengo, mchenga utadzaza alendo a tchuthi. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo munthu amene anakonda malo amafuna kukawaonanso. Wapaulendo wobwererako m'chisanu amapeza alendo atabalalika, nyumba zogona zitatsika mtengo, ndipo otsala ndi eni dera ndi antchito awo. Pamenepo mpamene malo amaonetsa nkhope yake yeniyeni, yokoma ndi yowawa yomwe.

Ku Cape Town mvula imagwa m'chisanu, kusiyana ndi ku Malaŵi, choncho wapaulendo amanyamuka mitambo italendewera pa phiri la Table Mountain. Atayenda makilomita ngati 120, kuphatikizapo kupatuka pang'ono pa msewu waukulu, amafika ku Hermanus. Wobwera mu Januwale amangoona mafunde, koma kuyambira cha mu Juni mpaka Novembala anamgumi amachoka ku nyanja zozizira za kufupi ndi Antarctica kudzaswera ana m'madzi a bata a pamenepa. Namgumi mmodzi amatalika mamita ngati 15, ndipo amafika pafupi kwambiri kotero kuti munthu woima pa thanthwe amamva kupuma kwake. M'tauniyi muli munthu wolembedwa ntchito yoliza lipenga la chomera cha m'nyanja pofuna kudziwitsa anthu kumene anamgumi aonekera. Nyama zimenezi zinatsala pang'ono kutha chifukwa chophedwa pofuna mafuta ake. Zinayamba kutetezedwa mu 1935, ndipo chibwerere chake chaka ndi chaka ndi umboni wakuti chowonongeka chimatha kuchira anthu akaleka nkhanza.

Chakum'mawa kwa Hermanus nyanja imasintha mtima. Pafupi ndi Gansbaai, sitima ya asilikali a Britain yotchedwa Birkenhead inagunda thanthwe mu February 1852, ndipo anthu oposa 400 anamira. Asilikali anaima pa mizere osathamangira mabwato kuti amayi ndi ana ayambe apulumuka. Patsogolo pake pali Cape Agulhas, nsonga yeniyeni ya kummwera kwa Afrika, pamene nyanja za Atlantic ndi Indian zimachitira malire. Nsanja ya nyali yochenjeza amalinyero inayamba kuwala pamenepo mu 1849. M'chilimwe alendo amangojambulitsapo zithunzi, koma woimapo mu Julaye, mphepo ikumukankha ndi mafunde akubangula, amamvetsa chifukwa chake nyaliyo inamangidwa.

Pobwerera pa msewu wa N2 wapaulendo amadutsa minda yobiriwira ya tirigu mpaka ku Mossel Bay. Apa mpamene Mpwitikizi Bartolomeu Dias anakocheza zombo zake mu February 1488. Anakangana ndi abusa a mtundu wa Akhoikhoi pa kasupe wa madzi, ndipo analasa mmodzi wa iwo ndi muvi namupha. Pafupi ndi kasupeyo pali mtengo wakale umene mbiri imati mmalinyero wina, cha m'ma 1500, anasiyapo kalata kuti anzake obwera m'mbuyo adzaipeze. Mpaka lero alendo amaponya makalata m'bokosi lomangidwa ngati nsapato pansi pa mtengowo.

Kuchoka apo msewu umafika ku George, ndipo pano Mmalaŵi sangadutse osagwidwa chisoni. Pa 6 May 2024 nyumba yosanja imene inali kumangidwa m'tauniyi inagwa, n'kupha anthu 34. Ambiri mwa iwo anali ochokera m'maiko oyandikana nawo, ndipo pakati pawo panali Amalaŵi. Minda yamaluwa, mahotela ndi nyumba zokongola zimene mlendo wa tchuthi amasirira m'dera lonseli zimasamalidwa ndi manja a anthu otere, amene anasiya makolo ndi ana kumudzi kukafuna ndalama ya feteleza ndi ya sukulu.

Ku Knysna, kumene nyanja imalowa m'dziko kudzera pakati pa matanthwe awiri aakulu, wobwereranso amapeza nyumba zambiri zili zatsopano. Chifukwa chake n'chakuti pa 7 Juni 2017 mphepo youma ndi yotentha yochokera ku mapiri inakoleza moto umene unapsereza nkhalango ndi nyumba mazanamazana, ndi kuphanso anthu. Mitengo ya paini ndi ina yobwera kuchokera kunja inathandiza motowo kufalikira. Lero zitsamba zinaphukanso m'mapiri, koma okhalako saiwala kuti ngakhale m'chisanu moto ulibe chifundo.

Atayenda makilomita pafupifupi 750 kuchokera ku Cape Town, wapaulendo amafika mu mzinda umene kale unali Port Elizabeth. Kuyambira mu 2021 dzina lake ndi Gqeberha. Apa msewu umatsanzikana ndi nyanja n'kukwera kumtunda kulowera ku Makhanda, imene mpaka mu 2018 inali kutchedwa Grahamstown. Dzina latsopanoli ndi la mtsogoleri wa Axhosa amene anathira nkhondo tauniyi mu 1819, namangidwa pa chilumba cha Robben Island, n'kumira m'nyanja poyesa kuthawa. Munthu wokalamba wofunsa njira ndi maina akale amayankhidwa ndi achinyamata m'maina atsopano.

Kumpoto chakum'mawa kwa Makhanda, m'munsi mwa mapiri a Amathole amene nthawi zina amayera ndi chipale, kuli Alice, tauni imene Axhosa amaitcha eDikeni, m'mphepete mwa mtsinje wa Tyhume. Ndi tauni yosaoneka bwino m'maso, ndipo ophunzira akapita ku tchuthi cha chisanu misewu yake imangoti zii. Komabe khwawa la mbiri ya Malaŵi limadutsa pomwepa. Sukulu ya mishoni ya Lovedale inatsegulidwa mu 1841, ndipo mkulu wake wina, Dr James Stewart, ndiye anapereka ganizo lokhazikitsa mishoni ya Livingstonia. Mu 1876 iye anatenga anyamata anayi a Chixhosa a pa Lovedale kupita nawo ku Nyanja ya Malaŵi. Mmodzi wa iwo, William Koyi, ankamvana chilankhulo ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa, ndipo ndiye anatsegula njira ya mishoni pakati pawo. Anamwalira mu 1886 m'dziko la Angoni, kutali ndi kwawo.

Kutsidya kwa Tyhume kuli Yunivesite ya Fort Hare, imene inayamba mu 1916. Panthawi imene munthu wakuda ankatsekeredwa zitseko za maphunziro apamwamba, sukuluyi inalandira ophunzira ochokera m'maiko ambiri. Nelson Mandela, Oliver Tambo, Seretse Khama ndi Robert Mugabe anaphunzira pamenepa, chimodzimodzinso Orton Chirwa ndi Henry Masauko Chipembere a ku Nyasaland. Mu 1959 boma la tsankho linakhazikitsa lamulo lolanda sukuluyi ndi kuisandutsa ya mtundu umodzi wokha, ndipo mphunzitsi wotchuka Z.K. Matthews anatula pansi udindo wake m'malo mogonjera. Lero pa Fort Hare pamasungidwa makalata ndi zolembedwa za mabungwe amene anamenyera ufulu wa dzikolo.

Motero omvera, msewu umene Koyi anautsata kupita kumpoto ndi Baibulo, ndi womwewo umene Chirwa ndi Chipembere anautsata kupita kummwera kukafuna maphunziro, ndiponso umene ana a masiku ano amautsata kukafuna ntchito. Wobwerera ku malo amene anawakonda sawapeza monga anawasiyira, pakuti maina asintha, nyumba zina zapsa, zina zagwa. Koma woyenda modekha m'nyengo ya chisanu amabwerako atadziwa eni malowo ndi mbiri yawo, zimene alendo a mu Disembala amazidutsa osaziona. Tsalani bwino.