Mphaka Akamalowa M'nyumba Mwanu

Mphaka amatsata fungo la chakudya. Akapeza usipa palichero kapena mkute wosavundikira, mawa abweranso. Choncho vundikirani miphika, sungani ndiwo potsekeka, ndipo zotsala muzikazikwirira kudzala. Matani mipata ya pakati pa khoma ndi denga, tsekani mawindo kukamada, ndipo anapiye azigona m'khola lotseka bwino. Akalowabe, muwazeni madzi, athawa yekha.

Musatchere tameki. Mankhwala amenewa sasankha: amapha nkhuku, agalu, ngakhale mwana amene watola nyamboyo.

Mphaka wosokera angathe kukhala ndi chiwewe. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Chomaliza ndi ichi: mphaka wolira usiku ali ndi njala kapena akufuna mnzake, sanatumidwe ndi munthu ayi. Lamulo la dziko lathu la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo agogo ambiri azunzika kale chifukwa cha mphekesera zotere. Ngati mphakayo ndi wa anansi anu, kambiranani mwaulemu. Zikakanika, kaonaneni ndi amfumu.