BOTI LIMENE LINAGONA PANSI PA NYANJA ZAKA 34

Nkhani yathu ya lero ikutitengera ku England, ku nyanja yaing'ono yotchedwa Coniston Water, ndipo ikunena za boti lina laliwiro, dzina lake Bluebird K7. Funso limene ndifuna kuti tiliganizire pamodzi ndi ili: kodi chinthu chakale chikakonzedwa ndi manja a munthu wina kufikira chitayambanso kugwira ntchito, mwini wake amakhala yani?

Boti limeneli linali la Bambo Donald Campbell. Silinali lonyamula anthu kapena lophera nsomba ai. Analipanga ndi cholinga chimodzi chokha, ndicho kuthamanga koposa boti lina lililonse pa dziko lapansi. Mafupa ake anali mapaipi achitsulo, khungu lake linali la aluminiyamu, ndipo injini yake inali ya mtundu wa ndege za jeti. Likafika pa liwiro lalikulu linkadzuka m'madzi n'kumangokhudza nyanja pa malo atatu ang'onoang'ono. Apa ndiye panali mphamvu yake, komanso ngozi yake, pakuti boti lotere mphepo ikalowa kunsi kwake silichedwa kuuluka.

Pa 23 Julayi 1955, pa nyanja ya Ullswater, Bambo Campbell anathamanga mamailosi 202 pa ola, ndipo anaposa liwiro la dziko lonse la pamadzi. Pofika chaka cha 1964 anali ataposa liwiro la dziko lonse kasanu ndi kawiri ndi boti lomweli. Komaliza kunali ku Lake Dumbleyung ku Australia, pa 31 Disembala 1964, kumene anafika mamailosi 276 pa ola.

Koma mtima wao unali pa mamailosi 300. M'chaka cha 1966 anaikamo injini yamphamvu koposa, yotchedwa Orpheus, ngakhale kuti botilo linali litatha zaka khumi ndi chimodzi. M'mawa wa pa 4 Januwale 1967, pa Coniston Water, ulendo woyamba anathamanga mamailosi 297 pa ola. Pobwerera, mphuno ya boti inadzuka, boti linauluka, linatembenuzika m'mwamba ndi kugwera m'madzi. Bambo Campbell anafera pomwepo, ndipo boti linamira.

Linagona m'matope zaka 34, kufikira m'mwezi wa Malichi 2001, pamene gulu la akatswiri omira pansi pa madzi, lotsogozedwa ndi Bambo Bill Smith, linalivuula. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho anapezanso thupi la Bambo Campbell, ndipo linaikidwa m'manda ku Coniston. Si onse anakondwera ndi kuvuula botilo. Ena ankati pansi pa nyanja paja panali pamanda, ndipo pamanda sipasokonezedwa.

M'chaka cha 2006 banja la Campbell linapereka botilo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Ruskin Museum ku Coniston, ndipo Bambo Smith ndi anzao ongodzipereka anatenga ntchito yolikonza ku North Shields. Omvera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthuwa sanafune kungotaya zidutswa zopindika n'kupanga zatsopano. Chitsulo chilichonse chimene chinali chotheka kuchipulumutsa anachitsuka, kuchiwongola ndi kuchibwezera pamalo pake. Kutsogolo, kumene kunaphwanyika kwambiri, anachita kumanganso. Mu Ogasiti 2018, patapita zaka 51 chichitikire ngozi ija, Bluebird K7 inayendanso pamadzi, pa nyanja ya Loch Fad ku Scotland.

Chimwemwe chimenechi sichinakhalitse. Panabuka kusamvana pakati pa a Ruskin Museum ndi okonzawo. Awa ankati botilo n'lathu, tinapatsidwa ndi banja, libwere kwao. Awo ankati mbali yaikulu ya boti limeneli ndi thukuta lathu ndi zipangizo zathu, ndipo boti ndi loyenda pamadzi, si longoonetsa m'nyumba. Nkhani inafika m'manja mwa maloya, kenaka mbali ziwirizo zinagwirizana, ndipo mu Malichi 2024 botilo linabwerera ku Coniston, anthu ambiri atandanda m'mphepete mwa msewu kulichingamira.

Tsono inu amene muli ndi boti lakale, kapena injini imene yagona m'khumbi zaka zambiri, tengaponi phunziro. Musanaipereke kwa mmisiri, khalani pansi, mulemberane pamaso pa mboni: mwini wake ndani, zipangizo zatsopano n'za yani, ndipo ntchito ikatha chinthucho chidzakhala kuti. Mau a pakamwa amakoma pamene boti lili chiphwasukire. Limati likayamba kuyenda, aliyense amakumbukira pangano mwa njira yake.

Kwa lero tilekeze pomwepa.