Liu la pa madooko a Yordano

Kuwerenga kwa lero: Oweruza 12:1-6 ndi Yohane 1:43-51

 Lero tikambirane ife amene timaphunzitsa ena kulankhula: aphunzitsi a kusukulu, a Sande sukulu, makolo, ngakhalenso agogo amene mdzukulu wa ku Lusaka amawafikira pa holide kuti atoleko Chinyanja cha kumudzi.

Nkhani ya m'buku la Oweruza ija siiwerengedwa kawirikawiri m'tchalitchi. Yefita ndi anthu a ku Gileadi anamenyana ndi a fuko la Efraimu, onsewo ana a Israele. A Efraimu atagonja anathawira ku Yordano kuti aolokere kwao, koma a Gileadi anali atatsekereza kale madooko. Nkhope sizikanathandiza kuzindikira mdani, pakuti anali anthu amodzi, opembedza Mulungu mmodzi. Tsono aliyense wofuna kuoloka ankamuuza kuti atchule liu limodzi, Shiboleti. Lilime la munthu wa ku Efraimu silinkatha, linkangoti Siboleti, ndipo pomwepo ankamugwira ndi kumupha. Buku likuti anafa anthu 42,000. Munthu ankafera katchulidwe kamene anayamwira kwa amake.

Tisaganize kuti zimenezi zinatha ndi nthawi ya Oweruza. Mu Meyi 2008, pamene alendo ankathamangitsidwa m'makomboni a Johannesburg ndi mizinda ina ya South Africa, magulu a anyamata ankaimitsa munthu panjira, kuloza chigongono, ndi kumuuza kuti achitchule m'Chizulu. Wolephera ankadziwika kuti ndi wobwera. Anthu oposa 60 anaphedwa, ndipo mwa othawa munali anansi athu ambiri a ku Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Koma tisanapukuse mitu chifukwa cha a kumwera, tikumbukire Epulo 2016 mu Lusaka mwathu muno. Mphekesera inayenda kuti amalonda ochokera ku Rwanda ndiwo ankapha anthu pofuna zizimba. Masitolo ao m'makomboni anathyoledwa ndi kufunkhidwa, ndipo mazana a anthu anakabisala ku tchalitchi cha Akatolika cha St Ignatius. Ofunkhawo sanafunse kuti mwini sitolo iyi walakwa chiyani. Kunali kokwanira kunena kuti anthu a dziko limenelo amatero.

Tamverani bwino liu limenelo: amatero. Ife amene tinagwira choko zaka zambiri tinkaphunzitsa ana kuti ka "ma" ka pakati apo kamasonyeza chinthu chochitika masiku onse. Dzuwa limatuluka kum'mawa. Mbuzi imadya udzu. Ndi ka "ma" komweko timamangirira mtundu wathunthu wa anthu pa chikhomo chimodzi: a mtundu wakuti amanama, a dziko lakuti amaba, a chigawo chakuti amadzimva. Chiganizo chotere chimaoneka ngati choonadi chifukwa chavala malaya ofanana ndi chiganizo cha dzuwa chija. Ndipo mwana amene akuphunzira chilankhulo sasankha. Amameza mau pamodzi ndi zimene takulungamo. Kodi simunaone kuti m'chilankhulo cha anzathu, mau amene mwana amayamba kutola ndi moni ndi chitukwano?

Wina akufunsa kale mumtima kuti, nanga aphunzitsi, mukutiletsa kuseka Abemba? Iyayi, sitikuletsa, ndipo ngakhale tikanaletsa simukanamva. Mbemba akatiseka ife a kum'mawa kuti timadya makoswe, timayamba tamukonza kuti mbewa si khoswe, kenaka timamufunsa za apusi a kwao. Chimbuya ndi chuma cha dziko lino. Makolo a Angoni ndi a Abemba anathirana nkhondo kalekale, ndipo chimbuya ndi chipsera cha bala limene linapola. Koma taonani mmene chimayendera. Onse awiri amaseka, onse awiri amasekedwa, ndipo wosekayo ali ndi ngongole. Maliro akagwa pakhomo pa Mngoni, Mbemba yemwe uja ndiye amafika kudzawaza nkhuni, kuthandiza kuphika, kusonkhetsa ndalama, ndi kupaka anamfedwa ufa kumaso kuti misozi iphweko. Iye ali ndi ufulu wotiseka chifukwa tsiku la chisoni adzagona panja pamodzi nafe.

Tsono tiganizire mwana wa makolo a ku Congo kapena ku Burundi, wobadwira ku Meheba, amene wakhala pa benchi m'kalasi mwathu. Anzake akamuseka chifukwa cha katchulidwe kake, kapena akamuuza zimene anthu a kwao amachita, iye angabwezere ndani? Alibe mbuya. Akuseka ndi ana makumi anayi, wosekedwa ndi mmodzi, ndipo palibe mwa oseka amene adzapite kumaliro a kwao. Mau angakhale ofanana ndi a chimbuya, koma mwana ameneyu waimitsidwa pa dooko. Ana sadziwa kusiyanitsa ziwirizi pokhapokha wamkulu atawaonetsa.

Aphunzitsi ena amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuletsa nkhani zotere m'kalasi. Ife sitigwirizana nazo. Nkhani yoletsedwa m'kalasi imangosamukira ku bwalo la mpira, kumene kulibe woiwongola. Tiyerekeze kuti mwana walemba m'kope chiganizo chakuti anthu a dziko lakuti ndi aulesi. Galamala yake ili bwino, cholembera chofiira chilibe pogwira. Mphunzitsi wanzeru samukalipira. Amamufunsa kuti, anthu a dziko limenelo amene ukuwadziwa ndi dzina ndi angati? Kawirikawiri yankho limakhala mmodzi, kapena palibe, anangomva kwa amalume. Kenaka mphunzitsi amatembenuza funso ndi kuuza kalasi yonse kuti itchule zimene anthu ena amakamba za ife, za mtundu wathu, za dziko lathu. Sipapita mphindi ziwiri wina asanafuule mokwiya kuti, koma si tonse! Pamenepo phunziro lafika, ndipo lachokera m'kamwa mwa ana eni ake. Chotsala ndi kuwapatsa mau oti agwiritse ntchito m'chilankhulo chatsopanocho: ena, owerengeka, amene ndinakumana naye, ndinamva koma sindinaone. Mau amenewa tiziwaphunzitsa msanga monga timaphunzitsira masiku a sabata.

Palinso china chimene aphunzitsi a chilankhulo okha ndiwo angachione bwino. Mbiri zoipa zambiri zimabadwira pa kumasulira. Mwana wathu akapempha madzi m'Chizungu osaikapo "please", mlendo amapita kwao akunena kuti anthu a kuno ndi amwano, amangolamula. Sadziwa kuti ife ulemu timauika m'kati mwa liu lenilenilo. Timati mundipatseko: "mu" wa ulemu kutsogolo, "ko" wopepesa kumapeto, ndipo manja awiri amatsiriza. Mwanayo anamasulira liu, ulemu unatsalira m'njira. Mbali inayo ndi chimodzimodzi. Chizungu chili ndi "you" mmodzi yekha wa mwana ndi wa mfumu, ndiye agogo athu akamva mwana wa mzungu akulankhula ndi atate ake monga ndi mnzake amati anthuwa saleredwa. Ife timaphunzitsa mwana kuyang'ana pansi pamaso pa wamkulu, pamene kwina woyang'ana pansi amaganiziridwa kuti akubisa kanthu. Mphunzitsi amene amafotokoza zinthu izi pamodzi ndi mau amachotsa milandu yambiri isanayambe.

Tibwere kwa Natanayeli. Filipo atamuuza kuti apeza Mesiya ndipo ndi wa ku Nazarete, iye anakayikira ngati kamudzi kameneko kangatulutse chabwino chilichonse. Anali ndi "amatero" wake. Chimene chimatikhudza ndi yankho la Filipo. Sanamulalikire za tsankho, sanatsutsane naye, anangomuitana kuti akadzionere yekha. Ndipo Yesu atamuona munthu amene wangonyoza kwao, sanamubwezere. Anamuyamikira kuti ndi munthu wopanda chinyengo. Ambuye wathu anakulira m'dera limene kalankhulidwe kake kankadziwika msanga ku Yerusalemu. Paja ndi kalankhulidwe ka ku Galileya kamene kanaulula Petro usiku uja pabwalo la mkulu wa ansembe.

Odziwa Baibulo adzatikumbutsa kuti Paulo mwini, polembera Tito, anabwereza mwambi wowawa wonena za anthu a ku Krete. Zoonadi, ndipo sitidzaubisa. Koma tiwerenge kalata yonse. Paulo anasiya Tito pa chisumbu chimenecho kuti asankhe akulu a mpingo m'mudzi uliwonse, amuna odziletsa, okonda alendo, opanda chifukwa chowaneneza. Akanawapeza kuti ngati onse akanakhala monga mwambi unkanenera? Ndipo pa Pentekoste, mwa anthu amene anamva zazikulu za Mulungu m'chilankhulo chao, Akrete analipo.

Sitikunena kuti kulolerana ndi kuvomereza mwambo uliwonse. Mwambo wokwatitsa mwana wa sukulu ndi woipa, uchitike kwa ife kapena kwa ena, ndipo Uthenga Wabwino umaweruza miyambo yonse kuyambira ndi yathu. Koma kutsutsa mchitidwe ndi kwina, kulemba chizindikiro pamphumi pa mtundu wonse ndi kwinanso. Mpingo wathu wa Anglican kuno kum'mawa uyenera kudziwa zimenezi kuposa ena, pakuti amene anayambitsa ntchito ku Msoro anali mlendo, Bambo Leonard Kamungu, wansembe wochokera ku Nyasaland, amene anamwalirira komweko mu 1913. Ndiponso achikulire a ku Petauke akukumbukira mmene abale a ku Mozambique, othawa nkhondo m'zaka za m'ma 1980, anakhalira ku Ukwimi, ana ao akuphunzira m'dziko lathu mpaka mtendere utabwerera kwao.

Tiyeni tipemphere.

Mulungu Atate, mumamva pemphero m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga, m'Chilozi, m'Chikaonde, m'Chilunda ndi m'Chiluvale, ndiponso m'zilankhulo za alendo okhala pakati pathu. Tikupereka kwa Inu aphunzitsi amene alowa m'kalasi m'mawa uno, ndi ana a ku Meheba, Mayukwayukwa ndi Mantapala. Tikupereka abale athu ogwira ntchito kunja, amene amaopa kutsegula pakamwa m'basi. Mukhale nao lero, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.